Yerba mate ndi chikho chake, ndaipatsa nyenyezi 4 koma si mankhwala a m'kamwa ayi

Ndinagula pa intaneti paketi ya 500g ya yerba mate, masamba ouma omwe amamwedwa ngati tiyi ku South America, yochokera ku Misiones ku Argentina, ya mtundu uja wokhala ndi timitengo tosakanikirana ndi masamba, pamodzi ndi chikho chake komanso bombilla, kampope kachitsulo kokhala ndi sefa kumunsi komwe amamwera. Ndakhala ndikumwa m'mawa uliwonse kwa miyezi ndithu ndiye ndati ndilembe, makamaka chifukwa otsatsa ena amalemba kuti mate imapha mabakiteriya a m'kamwa ndi kuthetsa fungo, ndipo anthu ambiri akugula chifukwa cha zimenezo osati chifukwa cha Messi ndi Suárez okha omwe amayenda ndi flasiki ya madzi a mate kukhwapa.

Kakomedwe kaye. Ndi yowawa, kuwawa kwenikweni, ndi kafungo ka utsi chifukwa masamba ambiri amaumitsidwa pamoto. Masiku oyamba nkhope imachita kukwinyika koma lilime likazolowera simufunanso tiyi wamba. Ili ndi kafeini ndiye tulo timathawa, koma kwa ine mtima sumagunda ngati mmene khofi amandichitira.

Tsopano za m'kamwazo. Zoona n'zakuti masamba a mtengo wa mate, Ilex paraguariensis, ali ndi mankhwala ambiri achilengedwe otchedwa ma polyphenol, monga chlorogenic acid, komanso ma saponin aja amapangitsa kathovu pamwamba mukathira madzi, ndipo mu labu madzi a masambawa amatha kufooketsa mabakiteriya ena. Koma mbale ya mu labu ndi m'kamwa mwa munthu ndi zinthu ziwiri, m'kamwa malovu amangokokolola chilichonse m'mphindi zochepa ndipo tizilombo timakhala titamatirira pa mano m'kati mwa litsiro lija lomwe limachoka ndi mswachi basi. Chomwe ndaona ine ndi chakuti ndikamwa yopanda shuga m'kamwa mumatsala mopepuka, mopanda kunanda kuja komwe tiyi wa mkaka ndi masupuni atatu a shuga amasiya. Ndipo phindu lenileni lili pamenepo. Kachilombo kotchedwa Streptococcus mutans kamadya shuga n'kutulutsa asidi, asidiyo akachuluka mpaka muyezo wake wotchedwa pH kutsika kufika pansi pa 5.5 chikutiro cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka, ndiye mukasiya tiyi wa shuga n'kulowa mate yowawa mwangosiya kukadyetsa kachilomboko, osati kuti mwakapha.

Vuto ndi kamwedwe kake. Mate samamwa kapu imodzi n'kudzuka, mumathira madzi pa masamba omwewo kambirimbiri, ola lathunthu kapena kupitirira mukungopsopsona pang'onopang'ono. Ndiye amene amathira shuga pa raundi iliyonse, monga ambiri amachitira ku Argentina komweko, mano ake amakhala akusamba shuga m'mawa wonse, malovu osapeza mpata wobwezeretsa zinthu m'malo mwake. Zimenezo n'zoipa kuposa kumwa tiyi wotsekemera kamodzi n'kumaliza. Ngati kuwawa kwakukanikani bola kuponyamo masamba a minti kapena khoko la lalanje.

China chomwe malonda sanena ndi bombilla. Mwambo wake kuyambira kwa anthu a mtundu wa Guaraní mpaka lero ku Uruguay, Paraguay ndi kummwera kwa Brazil ndi woti chikho chimodzi chimazungulira gulu lonse ngati chipanda cha thobwa kudimba, kungoti apa aliyense akuyika milomo pa kampope kamodzi. Malovu a mnzanu ndi tizilombo take zimabwera kwa inu, kaya ali ndi zilonda za pamlomo kaya chimfine, ndipo madzi a mate satentha mokwanira kuti aphe zonsezo. Mu 2020 nthawi ya Covid a zaumoyo ku Argentina anachita kupempha anthu kuti asiye kupatsirana mate, aliyense akhale ndi chikho chake. Kwathu kuno aliyense ali ndi bombilla yake, ndipo mwana wamng'ono sindimulola kulawa ndi yanga chifukwa tizilombo towoletsa mano ana amatengera kwa akuluakulu kudzera m'malovu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha chikho. Ndi chenicheni cha mphonda, chokongola ndithu, koma munalibe kapepala kofotokoza kasamalidwe, komanso munalibe kaburashi kotsukira m'kati mwa bombilla pamene tinyenyeswa ta masamba timatsalira pa sefapo n'kuyamba kununkha. Chikho cha mphonda chimamwa madzi, mukachisiya ndi masamba onyowa usiku wonse kapena kuchivundikira chisanaume chimachita nkhungu, ndiye munthu amene amafuna m'kamwa moyera akumwanso nkhungu. Chotsani masamba mukangomaliza, tsukani ndi madzi okha opanda sopo, chiumitseni kukamwa kwake kuli kotsegula. Amene alibe nthawi ya zonsezi angogula chagalasi kapena chachitsulo, sichimwa madzi.

Madzi musawiritse mpaka kubwata. Pa paketi analemba 70 mpaka 80°C, ndipo dikirani pang'ono musanakoke, chifukwa kampope kachitsulo kamaponya madzi otentha molunjika kukhosi. Mu 2016 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linati zakumwa zotentha kupitirira 65°C mwina zimayambitsa khansa ya kum'mero, ndipo vuto linali kutenthako. Kukatentha kunja ndimamwa ndi madzi ozizira mmene amachitira ku Paraguay, amaitcha tereré, ndipo ndi yosavuta kwa oyamba kumene chifukwa kuwawa kumachepa.

Mano amathimbirira pang'ono ngati mmene tiyi wakuda amachitira, makamaka akutsogolo apansi, ndiye ndimachukucha m'kamwa ndi madzi ndikamaliza. Fungo la m'kamwa imalibisa kwa kanthawi kochepa chabe, ngati nkhama zikutuluka magazi pitani kwa dokotala wa mano. Masambawo ndigulanso, mwina paketi ya 1kg chifukwa imatsika mtengo, koma chikho chotsatira chikhala chachitsulo.