O Poder e a Glória: kodi n'loyenera gulu lowerenga la pa parishi?

Gulu lowerenga la akuluakulu ku Ulongwe, Tsangano kapena Moatize likafuna nthano yaitali yokamba za chikhulupiriro m'dziko limene lasiya Mulungu, buku ili la Graham Greene, mlembi wa ku England, n'loyenera ndalama zake. Koma si la ana a katekisimu, ndipo lili ndi chilema chimodzi chimene anthu a ku Tete angachione msanga kuposa azungu amene analilembera.

Linatuluka m'Chingerezi mu 1940 ndi mutu wakuti The Power and the Glory (m'Chipwitikizi, O Poder e a Glória), mawu otengedwa kumathero kwa pemphero la Ambuye, paja timati ufumu ndi mphamvu ndi ulemerero. Greene, amene analowa Chikatolika mu 1926, anakayenda ku Mexico mu 1938 n'kuona chigawo cha Tabasco, kumene bwanamkubwa Tomás Garrido Canabal anali atatseka matchalitchi, n'kuletsanso mowa. Wansembe ankayenera kukwatira, kuthawa kapena kufa. M'nthanoyi mwatsala wansembe mmodzi yekha wogwirabe ntchito, wopanda dzina, chidakwa, wamantha, ndipo ali ndi mwana wamkazi, Brigitta, amene anabereka m'mudzi wina.

Fupa la bukuli ndi funso lakale: Misa yochitidwa ndi munthu wotere ndi Misa ndithu? Mpingo unayankha kalekale, pamene Augustine Woyera ankatsutsana ndi otsatira Donatus kumpoto kwa Africa. Sakramenti limagwira ntchito chifukwa cha Khristu, osati chifukwa cha kuyera kwa manja a woligawa, zimene akaphunzira amati ex opere operato. Greene sakulalikira zimenezi, akungozionetsa. Taonani mutu umene wansembe alowa m'tauni mozemba kukafuna vinyo wa mphesa, poti popanda vinyo palibe Misa. Awononga tindalama take totsiriza kugula botolo kwa msuweni wa bwanamkubwa, m'chipinda cha hotela. Wogulitsayo apempha kulawa, kenaka pabwera mkulu wa apolisi, nayenso athira. Wansembe angokhala pamphepete, kuyang'ana botolo likutsika mpaka kutha, misozi ili mbwembwembwe, osatha kunena chifukwa chake. Masamba ochepa amenewa akuphunzitsa za Ukaristia kuposa maulaliki ambiri.

Mbali ina imene bukuli lachita bwino ndi mdani wa wansembeyo, msilikali wa apolisi, nayenso wopanda dzina. Wolemba waulesi akanamupanga chilombo. Uyu samwa, alibe mkazi, amagona m'kachipinda kopanda kanthu ngati mmonke, ndipo amadana ndi Mpingo chifukwa anaona ansembe akudya za amphawi. Amafuna ana akule opanda njala ndi mantha a moto wosatha. Nthawi ina apatsa wansembeyo ndalama ya mapeso 5 pomuyesa wosauka wamba. Koma munthu yemweyo amagwira anthu osalakwa m'midzi n'kuwaombera kuti ena aulule kumene wansembe wabisala. Apa m'pamene nkhani ya kuzilala kwa chipembedzo ku Ulaya ndi America ikuonekera bwino: wosakhulupirirayo watenga chifundo, kudziletsa ndi chiyembekezo cha dziko latsopano kuchokera ku Chikhristu chomwecho, n'kuchotsapo Mulungu yekha. Katswiri wa filosofi Charles Taylor, m'buku lake la 2007 la A Secular Age, anafotokoza kuti kumeneko kukhulupirira kunasanduka njira imodzi pakati pa zambiri. Greene anali ataziika kale m'kamwa mwa anthu awiri okambirana usiku, wina womangidwa, wina womanga, ndipo palibe amene agonjetsa mnzake ndi mawu.

Akuluakulu a ku Roma sanakondwere nalo. Mu 1953 ofesi yoyang'anira chiphunzitso inalidzudzula, ngakhale silinaikidwe pa mndandanda wa mabuku oletsedwa, ndipo pambuyo pake Papa Paulo VI anauza Greene kuti analiwerenga. Wotsogolera gulu adziwe zimenezi, chifukwa sipalephera mmodzi wofunsa ngati bambo mfumu alola.

Tsono chilema chija. Kwa Greene, wansembe akachoka, Mulungu wachoka naye. Anthu a m'midzi amangodikira, kupsompsona dzanja ndi kulipira ubatizo. Anthu a mitundu yoyambirira ya ku Mexico salankhula kwenikweni, ndipo munthu wa makolo a mitundu iwiri amene apereka wansembe, wa mano awiri achikasu uja, wajambulidwa monyoza. Kuno tikudziwa zina. Boma la Mozambique litatenga masukulu ndi zipatala za mishoni mu Julayi 1975, amishonale ambiri n'kuchoka, msonkhano wa Mpingo wa ku Beira wa 1977 unaika mphamvu pa timagulu ta akhristu ndi mautumiki a anthu wamba. M'zaka za nkhondo, akatekisiti ndi amayi a m'midzi ya ku Angónia ndi Macanga ndiwo ankatsogolera mapemphero a Lamulungu, kuphunzitsa ana ndi kuika maliro, miyezi n'kumapita osaona wansembe. Mpingo wotere m'bukuli mulibe. Gulu lisathamangirenso kunena kuti msilikali uja ndi chipani chakuti: Tabasco si Tete, ndipo kukambirana kukangokhotera kumeneko, za chaulere cha Mulungu zimaiwalika.

Pogula, yang'anani izi. Bukuli lili ndi zigawo 4 ndi mitu 13: zigawo zitatu zoyamba zili ndi mitu inayi chilichonse, chomaliza mutu umodzi, masamba onse kupitirira pang'ono 200. Lakaunjika limathothoka kumapeto, choncho tsegulani tsamba lomaliza. Liyenera kuthera pamene mnyamata Luis atsegulira chitseko usiku wansembe wina wachilendo. Likathera pa kuomberedwa kwa wansembe woyamba, masamba asowa, ndipo tanthauzo lonse lapendekeka. La Chingerezi lochokera ku Malawi lionetsetseni kuti si lofupikitsidwa la ophunzira chilankhulo, chifukwa otero amadula makambirano aatali, omwe ndiwo nyama yake. Greene anamwalira mu 1991, ndiye bukuli likadali ndi eni ake. Za PDF zoyenda pa WhatsApp n'zakuba, ndipo manambala a masamba sagwirizana, zimene zimasokoneza gulu.

Milungu 7 imakwana: mitu iwiri pa mlungu, womalizawo paokha. Ambiri amagwa ulesi pa chigawo choyamba, chifukwa chimayamba ndi dokotala wa mano wa ku England, Mr Tench, n'kumadumphadumpha kwa anthu ena, wansembe akungooneka mwa apo ndi apo. Auzeni apirire mpaka chigawo chachiwiri. Mutu wa m'ndende, mmene wansembe agona usiku wonse mothithikana ndi akuba ndi mayi wopemphera wodzilungamitsa, uwerengedwe mokweza pagulu. Pa mlungu wachisanu n'chimodzi itanani munthu wodziwa chiphunzitso, chifukwa Padre José, wansembe amene anakwatira, akana kudzamvetsera kulapa kwa womangidwayo, ndipo gulu lidzafunsa ngati munthu wofa wosalapitsidwa angapulumuke. Woyankhayo abwere atakonzekera za chisoni changwiro cha machimo, ndime 1452 ya Katekisimu wa Mpingo wa Katolika.