Kuwoloka doko la Valletta pa bwato la dgħajsa, kamera ili m'manja

Munthu amene wafika mumzinda wa Valletta, likulu la dziko la Malta, n'cholinga chojambula zithunzi amazindikira msanga kuti misewu yake, ngakhale ndi yokongola, siimupatsa mpata woona mzindawo mmene ulili wonse, chifukwa ndi yopapatiza ndipo nyumba zazitali za miyala yachikasu zimaitchinga uku ndi uku. Mzindawu unayamba kumangidwa mu 1566 molamulidwa ndi Jean de Valette, mtsogoleri wa asilikali a gulu la Yohane Woyera, patangopita chaka chimodzi chigonjetsereni ankhondo a ufumu wa Ottoman amene anazinga chilumbachi, ndipo anaumanga kuti ukhale linga loyang'ana kunyanja. Choncho nkhope yake yeniyeni imaonekera pamadzi, ndipo ichi n'chimene chinandichititsa kuti ndikwere kangapo timabwato tamatabwa totchedwa dgħajsa, timene timawolotsa anthu padoko la Grand Harbour kupita ku Birgu, tawuni ya tsidya lina la dokolo.

Kuti munthu akafike pokwerera mabwatowa, amatsika kuchokera kumunda wa maluwa wa Upper Barrakka pa chikepe chachitali mamita 58 chimene chinatsegulidwa mu 2012, kenako amayenda pang'ono mpaka m'mphepete mwa madzi. Mabwatowa alibe nthawi yoikika yonyamukira. Woyendetsa amadikira kuti anthu achulukeko, monga mmene amachitira a minibasi kwathu kuno, kungoti bwato limodzi limanyamula anthu ochepa kwambiri moti kudikirako sikutalika. Ndalama amalandira pamanja, choncho ndi bwino kukhala ndi timasiliva ta euro m'thumba.

Ubwino waukulu wa bwatoli kwa wojambula ndi wakuti limakhala pansi kwambiri, moti munthu atakhala pampando akhoza kukhudza madzi ndi dzanja. Kuchokera pamenepo makoma a linga amaoneka akutalika mochititsa mantha, monga mmene ankawaonera adani ofika panyanja, ndipo mutu wa bwato, umene ndi wosongoka, wautali komanso wopakidwa utoto wowala, umakhala patsogolo pa chithunzi n'kuchipatsa moyo. Palinso bwato lalikulu lamakono limene limawolotsa anthu padoko lomweli, ndipo ndi lokhazikika bwino pamadzi, koma zithunzi zimene ndinajambula ndili m'menemo zinangofanana ndi zimene zimagulitsidwa m'mashopu a alendo. Kale eni mabwato a dgħajsa ankapalasa ataimirira, atayang'ana kutsogolo, ndi nkhafi ziwiri zazitali, koma masiku ano ambiri anaikamo injini, ndipo nkhafi amazigwira makamaka pokocheza. Amene akufuna chithunzi cha kapalasidwe kakaleko akhale tcheru pa mphindi yomalizayo, pakuti siichedwa kutha.

Nkhani ya nthawi ndi imene ndinaiphunzira mochedwa. Mbali ya Valletta yoyang'ana padokoli imalandira dzuwa lam'mawa, kotero wofuna kujambula makoma ake ndi makonde ake amatabwa awoloke kusanatenthe, atakhala moyang'ana kumbuyo kumene akuchokera. Madzulo dzuwa likapendeka, kuwala kumasamukira pa linga la Fort St Angelo ku Birgu, ndipo miyala yake imasanduka yofiirira ngati uchi. Tsiku loyamba ndinawoloka masana dzuwa lili paliwombo, ndipo zithunzi zonse zinatuluka zotuwa, zopanda mthunzi wosonyeza kuya kwa makomawo. Phindu lokhalo la ulendo umenewo linali lakuti mzinga wa pa Saluting Battery (malo a mizinga amene ali pa linga la Valletta), umene amauomba 12 koloko masana, unalira ndili pakati pa doko, ndipo ndinajambula utsi wake ukukwera pamwamba pa linga.

Zovuta ziliponso, ndipo sindingazibise. Bwato laling'ono limagwedezeka kwambiri chombo china chikadutsa pafupi, choncho kamera iyenera kutcheredwa kuti izijambula mwaliwiro, ndipo kusintha lenzi pamadzipo ndi kuika chuma pachiswe. Madzi amchere amathovukira m'bwato mphepo ikamawomba, moti kansalu kopukutira lenzi kasachoke m'manja, ndipo lamba wa kamera akhale m'khosi nthawi zonse. Oyendetsa nawonso amasiyana mitima. Bambo wina wachikulire ataona kamera yanga anachepetsa liwiro popanda kumupempha, n'kutembenuza bwato kuti ndione bwino kansanja ka alonda ka ku Senglea (tawuni yoyandikana ndi Birgu), kamene pamakoma ake anasemapo diso ndi khutu. Wina ndinamupempha mwaulemu kuti ayende pang'onopang'ono, koma anangogwedeza mutu n'kupitiriza kuthamanga, maso ali pa anthu amene ankadikira tsidya linalo. Sindimuimba mlandu kwenikweni, popeza ntchito yake ndi yowolotsa anthu, koma amene akufuna nthawi yokwanira achite bwino kugwirizana ndi mwini bwato za ulendo wozungulira doko lonse, umene mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo amvane za mtengowo asanaponde m'bwato.

Bwato likakocheza ku Birgu, kumene asilikali a gulu la Yohane Woyera aja anayamba kukhala atafika pachilumbachi mu 1530, munthu amalowa m'tinjira tabata tokhala ndi miphika ya maluwa pakhomo lililonse, ndipo kumeneko ndinatha batire lachiwiri. Ndinalitchaja mosavuta pamalo ena omwera khofi, chifukwa Malta, amene analandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Angerezi mu 1964 monga Malawi, amagwiritsa ntchito mapulagi a mano atatu ofanana ndi athu. Ndinabwerera ku Valletta pa bwato lomwelo dzuwa litatsala pang'ono kulowa, nditakhalanso moyang'ana kumbuyo, ndipo pa zithunzi zonse za ulendowu zimene ndinasankha kuti zisindikizidwe, zambiri ndi za pa mphindi zochepa zimenezo.