Pa tenisi, kumuchotsa wosewera kapena kungomulipiritsa?

Osewera tenisi ku Blantyre Sports Club amadziwa kuti kampira kaja n'kakang'ono, koma kakakupeza pakhosi umagwa pansi. Zinamuchitikira mayi woyang'anira mizere pa mpikisano wa US Open mu 2020, katswiri wa tenisi Novak Djokovic atamenya mpira mokwiya, osayang'ana. Djokovic anachotsedwa mumpikisano pompo.

Kuchotsa kumateteza oweruza ndi ana otola mipira. Faindi yokha katswiri wolemera saiopa, amangolipira ngati akugula mandasi. Komabe chenjezo ndi faindi zimapereka mpata wosiyanitsa mkwiyo ndi ngozi. Wosewera wina, Miyu Kato, pa mpikisano wa French Open mu 2023 ankangobweza mpira, n'kugunda mtsikana wotola, koma naye anachotsedwa, ndalama zake n'kulandidwa. Djokovic anayenera kutuluka ndithu. Kato chenjezo likanamukwanira.