Kachewere: m'nsanja kapena pamzere?

Ukamakhala pa lendi ku Ndirande kapena ku Area 25, malo olima amakhala ngati mphasa imodzi. N'chifukwa chake ena amamanga nsanja: amazunguliza waya kapena kusanjikiza matayala, kubzala kachewere pansi, n'kumawonjezera dothi ndi manyowa mbewu ikamakula mpaka kufika m'chiuno. Mzere aliyense akuudziwa, ndi umene alimi a ku Tsangano ndi ku Dedza amadalira.

Mtengo: nsanja imafuna waya kapena matayala ndiponso dothi lambiri lotuta ndi wilibala. Mzere ukufuna khasu basi.

Madzi: nsanja imauma msanga chifukwa mphepo ndi dzuwa zimaiwomba mbali zonse, ndiye kuthirira ndi tsiku ndi tsiku. Mzere umasunga chinyezi.

Zokolola ndi pamene pali nkhani. Anthu amaganiza kuti nsanja ikatalika, kachewere abereka kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ayi ndithu. Mitundu yambiri imaberekera pafupi ndi pamene munaika mbewu, ndipo mukamakwirira masamba mobwerezabwereza, chomera chimathera mphamvu potulukira kumtunda. Komanso kachewere amakonda dothi lozizira, pomwe tayala lakuda mu Okutobala limatentha ngati chiwaya.

Kukolola: apa nsanja yapambana. Pakatha miyezi 3 kapena 4 mungoigwetsa n'kutola, palibe kachewere wotemedwa ndi khasu.

Amene ali ndi kadimba alime pamzere. Wa pabwalo la simenti amange nsanja, koma yaifupi yofika m'mawondo, kapena angodzaza dothi m'thumba la feteleza lobooledwa pansi.