Kashopu kobena mafilimu kandipezera mbalame ya ku Antarctica

Ndimaphunzitsa Sitandade 7 kuno ku Mangochi, ndipo ana ambiri m'kalasi mwanga ndi a asodzi. Nkhwazi amaidziwa kulira kwake, mphipi za pachilumba cha Boadzulu amaziona akaperekeza makolo awo panyanja. Koma nditawauza kuti ku Antarctica, dera la ayezi la kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, kuli mbalame yosauluka yotchedwa emperor penguin, anangoti kukamwa yasa, ena nkumati ndikuwaimbira nthano. Loweruka ndinatenga fulashi ulendo ku kashopu kobena nyimbo ndi mafilimu pafupi ndi msika.

Mnyamata wa pamenepo anakanda mutu. "Madamu, zimenezi anthu sazifunafuna, koma khalani pampandopo." Anasakasaka pa intaneti ndi bandulo yake pafupifupi ola lathunthu, nkupeza mafilimu atatu. Anandilipiritsa K2,000 basi. Kuleza mtima kwakeko ndi kumene kwandilembetsa izi, chifukwa anthu ofuna nyimbo anali atadzaza pakhomo koma sanandithamangitse.

Lolemba tinaunjikana pa laputopu. Tinaona kuti penguin yaikazi ikaikira dzira lake limodzi imalipereka kwa yaimuna, iyo nkupita kunyanja kukadya. Yaimuna imalisenza pamwamba pa mapazi, nkulifunditsa ndi chikopa cha pamimba kwa miyezi iwiri, osalawa kanthu, kunja kukuzizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro. Dzira likangokhala pa ayezi kanthawi, mwana wafa. Zazimunazo zimathithikana malo amodzi, za m'mphepete nkumalowa m'kati pang'onopang'ono kuti nazo zimveko kutentha. Mtsikana wina amene salankhula m'kalasi anafunsa chapansipansi: "Madamu, ndiye bambo ake ndi amene akulera?" Anyamata chidwi chawo chinali pa kumira: mbalameyi, yotalika kuposa mita imodzi, imatha kutsika mamita opitirira 500 posaka nsomba.

Zondidandaulitsa zilipo. Filimu yachitatu inakana kutseguka, moti ndinakweranso kabaza kubwerera, ngakhale anandiikiranso osalipira. Onse atatu ndi a Chingerezi chothamanga, ndiye ndinkaimitsa kawirikawiri nkumamasulira ndekha. Chimkuzamawu cha pakhomo paja chimagonthetsa m'kutu, kuti mumvane muyenera kukuwa.

Aphunzitsi anzanga, pitani m'mawa anthu asanachuluke, mutenge fulashi yopanda kanthu, ndipo filimu iliyonse muitsegule pomwepo musanachoke. Ine ndikubwererako sabata yamawa, ana andituma filimu ya albatross, mbalame ya mapiko aatali ya m'nyanja zamchere.