Mabuku anayi a ana okamba za mabanja osiyanasiyana amene ndinagula pa Chitakale

Mwezi watha ndinagula mabuku anayi a ana, olembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, m'sitolo ina yogulitsa makope ndi zolembera pa Chitakale, ku Mulanje. Ndimalera ana awiri a mlongo wanga amene anatisiya pamene napolo anatsika m'phiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndipo wamng'ono, amene ali mu Sitandade 2, anabwera tsiku lina kuchokera kusukulu atagwa nkhope chifukwa anauzidwa kujambula banja lake, chitsanzo cha pa bolodi chili bambo, mayi ndi ana. Ndinapita kukafuna buku loti limuonetse kuti pakhomo pathu napo pali banja.

Buku limene latikhudza kwambiri ndi la mtsikana woleredwa ndi agogo ake aakazi. Mlembi sanamuchite mwanayo kukhala womvetsa chisoni, ndiponso mawu oti wamasiye sakupezekamo ngakhale kamodzi, chinthu chimene ndachiyamikira chifukwa ana amatopa ndi kuitanidwa ndi dzina la tsoka lawo. Agogowo amamudzutsa mmamawa, amamukalipira akachedwa kumjigo, ndipo pa msonkhano wa makolo amakhala kutsogolo pamodzi ndi amayi achitsikana popanda manyazi. Titafika patsamba limenelo, mwana wathu anandigwira dzanja nati, "Amalume, bwerezaninso apa." Talibwereza usiku uliwonse kwa milungu itatu tsopano.

Lachiwiri likunena za mnyamata amene bambo ake amagwira ntchito kutali ndipo amalankhula nawo pa foni Lamulungu lililonse, zomwe si zachilendo kwa ana a kuno amene abambo awo ali ku Johannesburg. Lachitatu likuonetsa mayi womupeza wachikondi, mosiyana ndi nthano zambiri zimene tinakula nazo, momwe mayi wotere amamana mwana nsima. Lachinayi, la mwana wokhala m'nyumba ziwiri makolo atalekana, ndi lozizira, ndipo ana sanalifunsenso.

Pali cholakwa chimodzi chimene sindingachibise. Mabukuwa akuoneka kuti anayamba kulembedwa m'Chingerezi, ndipo womasulira anatcha mchemwali wa mayi kuti azakhali. Kwathu kuno azakhali ndi mlongo wa bambo, pomwe mchemwali wa mayi ndi amayi aang'ono kapena amayi aakulu, ndipo dzinalo lili ndi udindo wake, chifukwa mwana amene mayi ake amwalira amakhala adakali ndi wina womuitana kuti amayi. Buku lofuna kutonthoza mwana wotere likataya mawu amenewa, lataya chitonthozo chimene chinenero chathu chinali nacho kale. Chinanso, m'mabuku onse anayi mulibe malume. Pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja a ku Mulanje ndi Thyolo, kumene ukwati wa chikamwini ndi wofala ndipo ana amawerengedwa ku mtundu wa mayi, malume ndiye mwini mbumba, amene amakamba nkhani za maliro, za munda ndi za ukwati. Ndikuvomera kuti nkhaniyi ikundikhudza ineyo mwini, koma ana ambiri a m'midzi yozungulira minda ya tiyi akuleredwa motere, ndipo iwonso akuyenera kudziona pa tsamba.

Zithunzi zake ndi zowala bwino, zilembo ndi zazikulu moti mwana woyamba kuwerenga sakuvutika, ngakhale kuti nyumba zojambulidwazo ndi za m'tauni, zokhala ndi filiji ndi masofa. Mapepala ndi olimba, koma timawaya tolumikizira masamba tayamba kale kuchita dzimbiri ndi chinyezi cha chiperoni, choncho ndi bwino kuwasunga m'jumbo. Buku lililonse ndinagula K3,800, mtengo wolemera kwa agogo amene mabukuwa akuwanena. Mayi wogulitsa anandilandira mwaulemu, anandilola kukhala pa benchi ndi kuwerenga onse ndisanalipire.

Amene ali ndi ndalama ya buku limodzi agule la agogo lija. M'mabuku athu ndatenga cholembera ndi kukonza ndekha, ndipo paliponse pamene panali azakhali molakwika tsopano pakuwerengeka kuti amayi aang'ono.