Hard drive ya 1TB ndi yabwino, vuto ndi amene anandigulitsa

Ndaipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwiri zomwe ndachotsazo ndachotsera mnyamata wa pa shopu ina ya pa Boma ku Mangochi.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mangochi, kuyambira ku Namwera mpaka ku Monkey Bay. Laputopu yanga ndi ya Windows, koma mnzanga amene amaulutsa drone ali ndi MacBook. N'chifukwa chake ndisanatulutse ndalama ndinafunsa kawiri konse kuti, "Achimwene, iyi igwira pa Mac?" Iye anati, "Bwana, iyi ndi paliponse, Mac, Windows, TV, foni, tengani musadandaule." Mtengo mukuudziwa kale, chigwereni kwacha mu November 2023 zinthu izi sizigulika ndi ndalama ya m'thumba. SSD, mtundu wina wa chosungira mafayilo wothamanga kuposa hard drive, ndinaisiya chifukwa pa ndalama yomweyo malo ake ndi ochepa kwambiri.

Loweruka lina tinajambula ukwati ku Nkopola. Usiku mnzanga uja analumikiza hard drive pa MacBook kuti andiikiremo kanema wa drone. Mafayilo anga ankaoneka, ankatseguka bwinobwino, koma kuikamo kanthu, ngakhale chithunzi chimodzi, inakaniratu. Iye m'mawa mwake amabwerera ku Blantyre, choncho tinachita kusamutsa pang'onopang'ono ndi flash mpaka pakati pa usiku, udzudzu ukutidya.

Lolemba ndinakwera kabaza kupita ku shopu kuja. Nditamufotokozera anangoti, "Dikirani kaye madala," n'kulowa nayo kuseri. Sipanathe mphindi zisanu anatuluka akumwetulira, ati yatheka. Sanandifunse kanthu, sanandiuzenso chimene wachita. Ndinakazindikira ndili kunyumba kuti waifomata, kutanthauza kuti wafufuta zonse zam'kati n'kuiyambitsa mwatsopano. M'menemo munali chinkhoswe chonse cha banja lina la ku Malindi, chimene ndinachichotsa pa laputopu kuti ndipeze malo, ndipo ma memory card ake ndinali nditajambuliramo kale zina. Ndinatsegula, mulibe kanthu. Ndinazula, kulumikizanso, mulibe. Thukuta linatuluka ngati ndili padzuwa la mu October. Ukwati wa ku Nkopola unapulumuka chifukwa makhadi ake ndinali ndisanafufute.

Nditabwererako anandiyankha kuti, "Inuyo simunanene kuti muli zinthu." Munthu wabwera kudzadandaula kuti akulephera kuwonjezera mafayilo, ndiye m'menemo mukhala mopanda kanthu bwanji? Kupepesa ayi. Bwana wake nayenso anangoyang'ana kumbali ngati nkhaniyo ikuchitika pa shopu ya eni.

Ndipo sizinathere pomwepo. Ndi kapulogalamu kake anaiika pa FAT32, mtundu wakale wa kasungidwe ka mafayilo. Pa Mac inayambadi kulola, koma nditamaliza kukonza kanema wa ukwati, wa 9GB, inakana kuti fayilo yakula, hard drive ili mbee yopanda kanthu. FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4GB. Wogulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku akanayenera kudziwa zimenezo.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa mlongo wanga, amaphunzira za makompyuta ndipo anali pa holide. Mawu ake oyamba anali akuti, "Malume, musaikemonso chilichonse." Kukana kwa fayilo ya 9GB ija kunandithandiza, chifukwa zakale zija zinali zisanapondedwe ndi zatsopano. Anayendetsa pulogalamu yobweza mafayilo usiku wonse, zithunzi zambiri zinabwerera, makanema ena anabwera athunthu, ena oduka. Ndi iyenso anandifotokozera kuti hard drive inabwera ili pa NTFS, kasungidwe ka Windows, imene Mac imangowerenga koma siilembamo pokhapokha utaikamo pulogalamu ina. Atachotsa zonse zopulumuka anaifomata pa exFAT, imene Windows ndi Mac zonse zimalembamo ndipo imalandira mafayilo aakulu, ntchito ya mphindi imodzi.

Apa ndiye ndinene chilungamo, chinthucho pachokha sichinandilakwire. Patha miyezi isanu tsopano. Pa Windows ikugwira, pa MacBook ikugwira, pa laputopu ya mwanayu ya Ubuntu ikugwiranso. Ukalumikiza pa bowo la buluu lija la USB 3.0, kanema wa 9GB amalowa usanamalize kapu ya tiyi. Ndinkakayikiranso kuti mwina ndi zachinyengo zija zolemba 1TB kunja pomwe m'kati muli ka flash, poti Windows imaonetsa 931GB m'malo mwa 1,000GB. Mwanayu anati zimenezo ndi kawerengedwe chabe, opanga amawerenga ndi 1,000 pomwe Windows imawerenga ndi 1,024. Anaiyesanso ndi H2testw, pulogalamu yoyezera malo enieni, inadzaza mpaka kumapeto popanda cholakwika. Ndiye pa nkhani ya katundu weniweni, shopu ija sinandibere, ndivomereze.

Za foni ndi TV zija zinali zongofuna kuti ndigule. Pa foni yanga, ndi chingwe cha OTG cholumikizira zinthu za USB ku foni, imangolira kuti tiki tiki osadzuka, moto wa foni ndi wochepa. TV ya kunyumba siiona n'komwe chiikireni pa exFAT, ndimachita kugwiritsa ntchito flash. Chingwe chake n'chachifupi moti hard drive imalendewera ukaika laputopu pamiyendo. Komanso exFAT siifuna phuma. Tsiku lina ndinazula ndisanadine potulutsira paja, Windows inandiuza kuti iyenera kukonzedwa kaye, mwamwayi palibe chinatayika. M'kati mwake muli mbale yozungulira, ndiye ndikamakwera njinga yamoto kupita ku Namwera ndimaikulunga mu thaulo, ndipo sindiisiya m'galimoto ndi kutentha kwathu kuno. Ntchito ya kasitomala tsopano ndimaisunga pawiri mpaka atalandira.

Ngati muli ndi Windows ndi Mac, gulani ndithu, koma muifomate nokha pa exFAT tsiku loyamba isanalowe fayilo iliyonse, ndipo musalole munthu kulowa nayo kuseri kwa kauntala.

Banja la ku Malindi lija ndinalibwezera theka la ndalama. Anandimvetsa, koma gawo limene ankhoswe amasinthana tambala ndi thadzi silinabwerere, ndipo mayi a mtsikanayo amandifunsabe tikakumana kumsika.